Mmene mungasankhire mafuta a mabuleki ndi mapadi kuti galimoto iziima mukaiponda

Amene anatsikapo msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa akulidziwa phiri lija. Makona amangotsatizana, msewu umatsetsereka osapumira, ndipo Shire mumamuonera kutali kumunsi. Tsiku lina ndinatsika kumeneko ndi Sienta, tilimo anthu asanu ndi mmodzi, kumbuyo kuli matumba a ufa, ulendo wa ku maliro. Kuyambira pamwamba phazi langa silinachoke pa buleki. Tisanafike pa Thabwa m'galimoto munayamba kumveka fungo lopserera, kenako pedulo inalowa pansi kuposa masiku onse. Ndinapopa kawiri, katatu, ikungogwira pang'ono. Mayi amene anakhala kumbuyo kwanga anangoti, "Achimwene, kukununkhatu kuno." Ndinatsitsa giya kufika pa L, injini inabuula, galimoto inabweza liwiro, ndipo nditapeza pamalo potakasuka ndinaima manja akunjenjemera.

Patatha theka la ola pedulo inalimbanso ngati palibe chachitika. Mapadi anali adakali ndi nyama yambiri. Olakwa anali mafuta a mabuleki, amene anali asanasinthidwepo chifikire galimotoyo kuchokera ku Japan. Ambirife timasintha oyilo wa injini pa nthawi yake, koma kabotolo kakang'ono ka mafuta a mabuleki timangokaonjezera tikaona kuti katsika. Malangizowa ndalemba kuti inu mudziwe chogula ndi choyang'ana phiri lisanakuphunzitseni.

Yambani ndi kumva zimene phazi likukuuzani

Musanapite ku sitolo ya masipeya, dziwani kaye chimene chikudwala. Mukaponda pedulo, mafuta amakankha pisitoni ya mu kalipa (chitsulo chimene chimagwira mapadi mbali zonse ziwiri za disiki), pisitoni imapanikiza mapadi pa disiki, ndipo kukhulana kwa ziwirizi ndi kumene kumaimitsa tayala. Liwiro lonse la galimoto limasanduka kutentha. Kutenthako kumakhala mu disiki, m'mapadi ndi mu kalipa, kwina n'kulowa m'mafuta. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi, ndipo katundu akachuluka nako kumachuluka.

Pedulo ikafewa n'kumalowa pansi ngati mwaponda siponji, vuto lili ku mafuta: awira, kapena mwalowa mpweya, kapena akudontha penapake. Koma ngati pedulo ili yolimba bwinobwino, inu mukuponda ndi mphamvu zanu zonse koma galimoto ikungopitirira, amene atopa ndi mapadi. Atentha kupyola msinkhu wawo ndipo akuterereka pa disiki. Matenda awiriwa ndi osiyana, ndipo mankhwala a ena sachiza ena. Munthu amene mafuta ake akuwira atha kugula mapadi odula kwambiri m'tauni muno, koma pa phiri pedulo idzamuthawabe.

Zizindikiro zina n'zosavuta. Kulira kosongoka mukaponda pang'ono kawirikawiri ndi kachitsulo kochenjeza kuti mapadi atsala pang'ono kutha. Phokoso lokukuta ndiye kuti atheratu, chitsulo chikudya chitsulo chinzake. Chiwongolero chikamanjenjemera poponda, kayang'aneni madisiki. Galimoto ikamakokera mbali imodzi, nthawi zambiri kalipa ya mbali ina yagwira.

Werengani pa chivindikiro, kenako sankhani mafuta

Tsegulani boneti. Kabotolo ka mafuta a mabuleki kamakhala kumbali ya dalaivala, chakumbuyo kwa injini. Pa Hiace kali m'kati, m'mbali mwa dashibodi. Pukutani fumbi pa chivindikiro musanatsegule, ndipo werengani zimene zalembedwapo. Mupezapo DOT 3 kapena DOT 4. Pa magalimoto ena ochokera ku Japan mungaone BF-3, amene ndi a mulingo wa DOT 3 womwewo. Ma Toyota ambiri akalekale amafuna DOT 3, pamene magalimoto a ku Ulaya monga Volkswagen, BMW ndi Mercedes-Benz amafuna DOT 4.

Mawu akuti DOT akuchokera ku dzina la unduna wa zamtengatenga wa ku America, umene unakhazikitsa mulingo wotchedwa FMVSS 116. Chachikulu chimene manambalawa amanena ndi kutentha kumene mafuta ayenera kupirira asanawire. Ali atsopano, DOT 3 sayenera kuwira asanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230, ndipo DOT 5.1 madigiri 260. Koma pali nambala yachiwiri imene ogulitsa satchula, ndipo ndi imene ine ndimaiona yofunika kwambiri. Mafutawa amamwa chinyezi cha mumpweya. Chimalowera pa chivindikiro ndi m'mapayipi a labala, pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, makamaka nyengo ya mvula ndi kumadera a kunyanja. Akamwa madzi okwana 3.7 peresenti, mulingo umatsika: DOT 3 madigiri 140, DOT 4 madigiri 155, DOT 5.1 madigiri 180. Taonani bwino manambalawo. DOT 3 watsopano amapirira kutentha kuposa DOT 5.1 amene wakhalitsa n'kumwa madzi.

Mafuta akawira mumatuluka nthunzi, ndipo nthunzi imapanikizika pamene mafuta sapanikizika. Phazi lanu limangofinya nthunziyo, mapadi osamva kanthu. Ikazizira nthunzi imabwerera kukhala madzi, pedulo n'kulimbanso, ndipo n'chifukwa chake ambiri amapitiriza ulendo akuganiza kuti vuto latha.

Tsono musankhe ati? Ngati chivindikiro chikuti DOT 3, mutha kuthira DOT 3 kapena kukwera kupita ku DOT 4, chifukwa onse ndi a mtundu umodzi ndipo amasakanikirana. Kwa amene amatsika kawirikawiri msewu wa Chikwawa, wa Chiweta, wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti kapena wa pa phiri la Zomba, ine ndinganene kuti akwere ku DOT 4, kusiyana kwa mtengo ndi kochepa. Ngati chivindikiro chikuti DOT 4, musatsike kupita ku DOT 3. DOT 5.1 amasakanikirana ndi awiriwa, ndi abwino, koma galimoto yoyendera kuntchito ndi kumudzi sikuti imawafuna. Magalimoto ena atsopano okhala ndi makina oletsa kuterereka amafuna mafuta opepuka olembedwa DOT 4 LV. Buku la galimoto likatero, tsatirani.

Chenjerani ndi DOT 5, wopanda .1 kumapeto. Dzina likufanana, koma amenewa ndi a silikoni, amtundu wofiirira ngati maluwa a jakaranda, ndipo sasakanikirana ndi ena onsewo. Pa galimoto ya ABS (makina oletsa matayala kukwakwaza mukaponda buleki mwamphamvu) musawayandikize n'komwe. Munthu akaona nambala 5 amaganiza kuti aposa 4, n'kuwononga mabuleki ndi ndalama zake zomwe.

Ndipo m'kabotolomo musathire china chilichonse. Oyilo wa injini, wa giyabokosi kapena wa pawa sitiyelingi amatupitsa malabala onse a m'kati, ndipo kukonza kwake ndi kusintha malabala kuyambira pa masita silinda (pampu imene pedulo imakankha) mpaka ku matayala. Madzi a sopo amene ena amathira akathedwa nzeru pa msewu amawira pa madigiri pafupifupi 100 okha, ndiponso amachititsa dzimbiri.

Pogula, tengani botolo lomata, losatsegulidwapo. Mafuta oyezeredwa m'kabotolo ka chakumwa akaneni, ngakhale wogulitsa alumbire kuti wangotsegula m'mawa womwewo. Botolo lotsegulidwa limene lakhala m'buti miyezi isanu nalo lamwa kale chinyezi. Kusintha mafuta onse m'galimoto yaing'ono lita imodzi imakwana, ndipo ndi bwino kugula mabotolo awiri a 500 ml kuti lachiwiri mulitsegule pokhapokha ngati lafunika. Asintheni zaka ziwiri zilizonse, ngakhale galimoto ikhale yongoima pakhomo. Ngati mwangolandira galimoto yochokera kunja, werengani kuti nthawi yakwana kale. Mafuta akuda ngati tiyi wopanda mkaka ndi akale ndithu, koma oyera sikuti ndi abwino nthawi zonse, chifukwa madzi saoneka ndi maso. Pali kachipangizo kooneka ngati cholembera koyezera chinyezi. Ngati makaniko wanu ali nako, mupempheni ayeze mukuona.

Chinanso: mafuta akatsika pang'ono m'kabotolo, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti mapadi adyeka ndipo pisitoni yatuluka kwambiri. Choyamba kuyang'ana ndi mapadi, osati kuthamangira kuonjezera. Koma akatsika msanga, pa sabata imodzi kapena ziwiri, penapake pakudontha. Yang'anani kuseri kwa matayala ngati kuli konyowa, ndipo galimotoyo isayende mpaka mutapeza pamene pakutuluka.

Mapadi: nambala ya chasisi, mtundu, ndi zolembedwa m'mphepete

Kunena kuti "ndikufuna mapadi a Vitz" sikukwanira. Vitz ya chasisi ya KSP90 ndi Vitz ya chaka china zitha kusiyana mapadi, chimodzimodzi Corolla, Hiace ndi ena. Pitani ndi nambala ya chasisi, imene ili pa blue book komanso pa kachitsulo ka pa galimoto, ndipo ngati n'kotheka nyamulani padi yakale mukaiike pamwamba pa yatsopano. Makutu ake, kutalika kwake ndi malo a kachitsulo kochenjeza zifanane ndendende. Wina akanena kuti "tingopala pang'ono ndi galayinda ilowa," bwezani.

Yezani akalewo musanawataye. Padi yatsopano ya kutsogolo imakhala ndi nyama ya mamilimita pafupifupi 10 mpaka 12. Ikafika pa 3, sinthani. Yang'anani yakunja ndi yam'kati yomwe, chifukwa yam'kati imabisala ndipo nthawi zina ndi imene imatha msanga.

Mitundu imene mungaipeze ndi itatu. Pali ofewa opangidwa ndi ulusi, labala ndi utomoni: sachita phokoso, sadya disiki, amagwira bwino akadali ozizira, koma amatha msanga ndipo akatentha kwambiri amafooka. Pali osakaniza ndi zitsulo: amapirira kutentha, amagwira mwamphamvu pa katundu wolemera, koma amadetsa marimu ndi fumbi lakuda, nthawi zina amalira, ndipo amadya disiki mofulumirirapo. Pali a seramiki: oyera, achete, okhalitsa, odula, abwino kwa galimoto yaing'ono ya m'tauni, koma si amene ndingasankhire lole yaing'ono kapena minibasi yodzaza.

Maganizo anga ndi awa. Passo, Vitz, Fit kapena Note yoyenda m'tauni, tengani mapadi ofanana ndi amene inabwera nawo, kaya ofewa abwino kaya a seramiki. Hiace, Probox yonyamula katundu, pikapu, kapena galimoto iliyonse imene imatsika mapiri itadzaza, tengani osakaniza ndi zitsulo. Mapadi a mpikisano asiyeni. Ambiri mwa iwo amayamba kugwira bwino akatentha, ndiye m'mawa mukutuluka pa geti, mwana n'kudumphira mumsewu, nthawi imeneyo amakhala asanadzuke.

Tsopano tembenuzani padi muyang'ane m'mphepete kapena kumbuyo kwake. Pa mapadi ambiri pamakhala zilembo ziwiri monga EE, FF kapena GG. Zimenezi zikunena mphamvu ya kagwiridwe: E ndi kuyambira 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55. Chilembo choyamba ndi cha padi isanatenthe kwambiri, chachiwiri ndi cha padi itatentha. FF ndi wabwino pa magalimoto ambiri. FE akukuuzani kuti kutentha kukakwera kagwiridwe kamatsika, ndiye kwa wa kumapiri ameneyo ayi. Mukaona chizindikiro cha ECE R90 pa bokosi ndi pa padi, ndiye kuti anayesedwa potsata malamulo a ku Ulaya, amene amafuna kuti kagwiridwe kasasiyane ndi ka mapadi oyambirira a galimotoyo kupyola 15 peresenti.

Mayina odziwika alipo: Akebono, Advics ndi Nisshinbo a ku Japan, amene amapangira mafakitale a magalimoto komweko, komanso Ferodo, Bosch, TRW, ATE ndi Brembo. Koma dzina pa bokosi aliyense atha kudinda. Padi yeniyeni imakhala ndi manambala omveka bwino kumbuyo, nyama yake imamatirira pa chitsulo popanda mpata, utoto wake ndi wosalala. Mtengo ukatsika modabwitsa, dzifunseni chifukwa chake. Mapadi akale omatidwanso nyama yatsopano ndi guluu m'mbali mwa msewu ndimawaopa kwambiri, chifukwa nyamayo ikamatuka imamatuka nthawi imene mwaponda mwamphamvu.

Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, a mtundu umodzi. Ndalama zikachepa, yambani ndi kutsogolo, kumene kumagwira gawo lalikulu la ntchito yoimitsa galimoto. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri kumbuyo ali ndi madiramu ndi mashuzi. Amenewo amakhalitsa, koma atsegulidwe ayang'anidwe ngati silinda yake siikudontha.

Tsiku lomanga

Kaya mumanga nokha kaya makaniko, khalani pomwepo muone izi. Galimoto ikhale pa malo athyathyathya, matayala otsala atsekedwe ndi miyala, ndipo isatsamire pa jeke yekha, pakhale sitandi. Tayala likachoka, yang'anani disiki. Pa iyo panadindidwa MIN TH ndi nambala, kutanthauza kuchepa kumene siyenera kupyola. Ngati yafika pamenepo, kapena ili ndi ming'alu kapena mizere yakuya yokola chikhadabo, isinthidwe, nayonso mbali zonse ziwiri. Padi yatsopano pa disiki yokumbika imagwira ndi gawo chabe la nkhope yake.

Kalipa ikamasulidwa isalendewere pa payipi ya labala; imangiriridwe ndi waya ku sipuling'i. Mapini awiri amene kalipa imatsetserekapo atulutsidwe, apukutidwe, apakidwe girisi wa mabuleki amene sawononga labala. Apa ndi pamene ntchito zambiri zachangu zimadumpha, ndipo mapini ouma ndi amene amachititsa padi imodzi kutha inzake ikadali yatsopano. Girisi asakhudze nkhope ya padi kapena disiki. Pobweza pisitoni m'kati, yang'anirani kabotolo kumtunda, chifukwa mafuta amakwera ndipo atha kusefukira. Akagwera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, amasupula penti.

Kusintha mafuta kumafuna anthu awiri. Yamwani akale m'kabotolo ndi sirinji, thirani atsopano. Mmodzi akhale pa chiwongolero, wina pa tayala ndi sipanala, kapayipi koonekera m'kati ndi botolo. Wam'kati apope katatu n'kugwira pedulo pansi, wakunja atsegule kabawuti kotulutsira, mafuta atuluke, atseke, ndipo pokhapo wam'kati achotse phazi. Mawu ake ndi atatu okha: "Popani. Gwirani. Siyani." Mubwereze mpaka m'kapayipi mukuyenda mafuta oyera opanda thovu. Kawirikawiri amayambira tayala lakutali ndi masita silinda n'kumalizira lapafupi, koma magalimoto ena ali ndi ndondomeko yawoyawo, ndiye buku likanena zina tsatani bukulo. Kabotolo kasaume pakati pa ntchito, apo ayi mpweya ulowa ndipo muyambiranso. Ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isamafike pansi penipeni, chifukwa pa galimoto yakale pedulo ikafika pansi penipeni itha kung'amba labala wa masita silinda. Magalimoto a haibulidi monga Prius ndi Aqua mabuleki ake amayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo ntchitoyi imafuna makina. Apite kwa amene ali nawo.

Matayala akabwerera, galimoto isanasunthe, popani pedulo mpaka italimba. Kuponda koyamba kumakhala kopanda kanthu chifukwa pisitoni ili kutali ndi padi. Anthu agundapo makoma a galaja pa chifukwa chimenechi.

Kuzoloweretsa mapadi atsopano

Pezani msewu wowongoka wopanda anthu ndi njinga zambiri. Fikani pa liwiro la makilomita 60 pa ola, pondani mwamphamvu ndithu koma osakwakwaza matayala, mpaka mutatsika pa 10, kenako nyamukaninso osaimiratu. Chitani zimenezi kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Mukatero yendani mphindi zingapo osaponda buleki kuti zizizire. Cholinga n'chakuti padi isiye kansalu kopyapyala kofanana paliponse pa disiki. Mukaima phazi lili pa pedulo madisiki ali otentha, padi imadinda malo amodzi, ndipo pambuyo pake mumamva kunjenjemera kumene ambiri amati disiki yapindika. Makilomita 200 kapena 300 oyambirira yendani mofatsa. Ngati bokosi la mapadi lili ndi malangizo akeake, amenewo ndiwo atsogole.

Zonsezi zikatheka, yang'ananinso matayala, chifukwa chimene chimagwira msewu ndi labala. Tayala lotha kapena lampweya wolakwika limatalikitsa mtunda woimira ngakhale mapadi akhale abwino chotani.

Ndipo mukafika pamwamba pa phiri, tsitsani giya musanayambe kutsetsereka. Pa manyuwolo ikani 2 kapena 3, pa otomatiki 2, L, S kapena B malinga ndi galimoto yanu. Kuchotsa giya kuti musunge petulo kumasiyira mabuleki okha katundu yense. Pondani mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro litsike, chotsani phazi kuti madisiki apume, kenako pondaninso likakwera. Mukamva fungo lopserera kapena pedulo ikayamba kusintha, imani pamalo oyamba otakasuka. Madisiki otentha musawathire madzi, amatha kung'aluka. Tsekani tayala ndi mwala, dikirani theka la ola, ndipo mukafika kumunsi mafutawo akasinthidwe onse musanakwerenso phirilo.